Abambo atuluka m'chipatala ndi matenda a mtima, ndiwasamale bwanji pakhomo?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Makawa, m'boma la Mangochi: "Anesi, abambo anga a zaka 64 anagonekedwa ku Boma sabata ziwiri, anatupa miyendo ndi mimba komanso amabanika. Anatiuza kuti mtima wakula sukupopa bwino. Ine ndinali gadiyani, nde ndimaona anesi tsiku ndi tsiku akuwadina miyendo, kuwasuzumira m'khosi, kuwakweza pa sikelo, kufunsa kuti agonera mapilo angati, koma sindimamvetsa kuti akufuna chani. Pano tili pakhomo kutupa kwaphwa, abambo akuti mapilisi okodzetsa akuwatopetsa akufuna asiye, azakhali akuti ndi tsempho tiwateme mphini. Nditani?"

Achemwali, pepani ndi matenda, ndipo mwachita bwino kufunsa zinthu zisanathine. Ndiyambe ndi ziwiri zachangu zoti muzigwire lero lomwe: mapilisi asasiye, ndipo miyendoyo asaiteme mphini. Zifukwa ndifotokoza, koma ndimafuna izi zikhale poyambirira chifukwa ambiri mwa odwala mtima amene amabwereranso muwodi ali wefuwefu usiku pakati, ukafufuza bwino umapeza kuti anasiya mankhwala ataona kuti kutupa kwatha.

Kaye za matendawo. Akati mtima wakula sukupopa bwino, sikuti waima ayi, ukugwira ntchito koma mphamvu yachepa. Ganizirani pampu yothirira kudimba yomwe malabala ake atha, mumaponda ndithu koma madzi otuluka kutsogolo ndi ochepa ndipo ambiri akungotsalira kumbuyo. Magazi akamatsalira chonchi madzi amayamba kudzadza m'mapapo, nde kubanika kuja, ena amatsikira kumiyendo ndi m'mimba, nde kutupa kuja. Impso nazo zikaona kuti magazi akufika ochepa zimaganiza kuti m'thupi mwauma, zimayamba kusunga mchere ndi madzi, vuto nkumangokula. Kwa munthu wa msinkhu wa abambo chomwe chimatopetsa mtima kawirikawiri kuno kwathu ndi BP yokwera imene yakhala zaka osadziwika kapena osamwera mankhwala mwandondomeko. Kwa achinyamata nthawi zambiri ndi mavavu a mtima omwe anawonongeka kamba ka zilonda zapakhosi za paubwana zosachizidwa, kwa amayi ena mtima umafooka kumapeto kwa mimba kapena atangochira, ndipo TB nayo imatha kuika madzi m'kathumba kokuta mtima. Chomwe chinayambitsa kwa abambo chikuyenera kukhala cholembedwa m'buku lawo lakuchipatala, funsani akuwerengereni.

Tsopano zija mumaona anesi akuchita. Zonsezo kwenikweni amafunafuna chinthu chimodzi basi, madzi ali pati lero, achuluka kapena achepa poyerekeza ndi dzulo. Ndipo zambiri mwa izo sizifuna makina, inunso mutha kuzichita pakhonde pompo.

Funso la mapilo lija ndi lomwe ine ndimalikhulupirira kuposa ena onse. Munthu akagona chagada madzi omwe masana anali kumiyendo amabwerera kuchifuwa, mtima wofooka umalephera kuwakankha, mapapo amalemedwa. Nde wodwala amayamba yekha kuwonjezera pilo, kenako kupinda bulangete kuika kumsana, mapeto ake mumangomupeza m'bandakucha atakhala pampando panja akuti m'nyumba mukutentha. Kuno ku Mangochi anthu amapusitsika ndi zimenezi chifukwa kutentha nkwachizolowezi, aliyense amati ndi Okotobala uyu. Koma ngati sabata yatha abambo amagona ndi pilo mmodzi ndipo pano akufuna atatu, kapena akumadzidzimuka patatha maola awiri atatu chigonereni akusowa mpweya mpaka kukatsegula windo, amenewo ndi madzi akubwerera ngakhale miyendo ikuoneka bwinobwino. Musawafunse kuti mwagona bwanji chifukwa azibambo athuwa yankho ndi limodzi, ndagona bwino. Lowani m'chipinda mmawa muone mmene pogona pakonzedwera.

Kudina miyendo kumachitika chonchi. Ikani chala chachikulu pa fupa la kutsogolo kwa mwendo, chapamwamba pang'ono pa kakolo, dinani ndithu koma osapweteka, werengani mpaka 10 pang'onopang'ono, chotsani. Pakatsala kadzenje kosabwerera msanga ndiye kuti muli madzi. Mukatero kwerani mmwamba, pakatumba, pabondo, pantchafu, mpaka pomwe kadzenje kasiya kuoneka, chifukwa chomwe tikufuna kudziwa ndi choti madzi afika pati. Lero pakakolo, mkuja pabondo, ndiye kuti zikuipa. Ndipo ngati abambo atsala nthawi yambiri chogona madzi sapita kumapazi, amakakhala m'chiuno kumsana chakumunsi uku, nde muzidinanso pamenepo, ambiri amayiwala malo amenewa nkumasangalala kuti mapazi aphwa. Chitani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse chifukwa madzulo miyendo imatupako kuposa mmawa. Masilipasi nawo amanena zoona, akayamba kusiya mizere yozama pamwamba pa phazi kapena lamba wa buluku akasuntha bowo, dziwani kuti chilipo.

M'khosi muja amayang'ana mtsempha wamagazi obwerera kumtima. Wodwala akatsamira chokhala pang'ono, osati chogoneratu, mtsempha umenewu sukuyenera kuoneka wodzadza mpaka mmwamba. Ukatupa kufika chakukhutu ndiye kuti magazi akudikira pamzere kuti alowe mumtima. Ichi chimafuna diso lozolowera nde musavutike nacho kwambiri, koma mukauona utaima ngati chingwe abambo atakhala tsonga, kaneneni.

Sikelo ndiye mfumu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndipo thupi limatha kusunga malita angapo miyendo isanayambe kuoneka kutupa, nde sikelo imaona madzi maso asanawaone. Lamulo lomwe timaphunzitsa ndi loti munthu akakwera ndi makilo opitirira 2 m'masiku atatu, amenewo si mafuta, palibe nsima yonenepetsa msanga choncho, ndi madzi ndipo apite kuchipatala osadikira tsiku lomwe analemberedwa. Kuyeza kwake ndi mmawa, atakodza, asanadye, zovala zofanana, sikelo yomweyomweyo. Ndikudziwa kuti si nyumba zonse zili ndi sikelo. Ngati ana mungasonkherane kugula kasikelo koponda kaja mwachita chinthu chanzeru kuposa kugula majuwisi ndi ma glucose omwe anthu amakonda kutengera odwala. Zikakanika tengani kachingwe kosatanuka, zungulizani pamimba podutsa pamchombo, mangani mfundo pomwe pakumana, china pamwendo pamwamba pa kakolo, muziyesa mmawa uliwonse. Sichilondola ngati sikelo koma chimakuuzani komwe zinthu zikulowera. Ndipo onani m'buku kilo yomwe anatuluka nayo m'chipatala, imeneyo ndiye poyambira panu.

Palinso kugunda kwa mtima ndi kapumidwe. Zala ziwiri pamkono chakumunsi kwa chala chachikulu, wotchi ya pafoni, werengani mphindi yathunthu osadula. Munthu wamkulu atapuma kumakhala pakati pa 60 ndi 100. Mverani komanso ngati kukuyenda mwadongosolo kapena kukudumphadumpha mosokonekera, chifukwa kugunda kosokonekera kumatha kupangitsa magazi kuundana mumtima nkukatseka mtsempha wa kuubongo, ndiyo sitiroko ija. Kupuma werengani iwo asakudziwa, mukamaliza pamkono pitirizani kugwira dzanja koma maso ali pachifuwa, 12 mpaka 20 pamphindi ndi bwino. Komanso mverani mmene akulankhulira, munthu amene akudula chiganizo pakati kuti akoke mpweya wabanika ngakhale akane. Kamakina kopana chala kaja kamayeza mpweya wa m'magazi, tikaona kakutsika pansi pa 90 timathamangira okosijeni. BP timafuna ikhale pansi pa 140 ndi 90, koma kwa odwala mtima kutsikitsitsa nakonso ndi vuto, makamaka akamachita chizungulire poimirira.

Gulani kope la 40 pages, lembani deti, kilo kapena chingwe, mapilo angati, kutupa kwafika pati, kugunda kangati, mankhwala amwa kapena ayi. Mzere umodzi patsiku basi. Kukiliniki odwala amachuluka, adokotala amakhala ndi mphindi zochepa pa munthu mmodzi, nde gadiyani akatulutsa kope ngati limeneli ntchito imapepuka kwambiri, mulingo wa mankhwala umasinthidwa poona zenizeni osati zongoganizira. Ine ndikaona kope lotere mtima umakhala pansi chifukwa ndimadziwa kuti pakhomo pali maso.

Tibwere ku mapilisi okodzetsa aja, dzina lake furosemide, ambiri amangoti Lasix. Dandaulo la abambo ndi lomveka, musawakalipire. Kukodza pafupipafupi kumatopetsa, munthu wamkulu amachita manyazi kumangodzuka pagulu, pamaliro, kumzikiti kapena kutchalitchi, ndipo ngati akumwa madzulo ndiye tulo palibe. Nde choyamba onani nthawi yomwe akumwera. Amwe mmawa, ndipo ngati analemberedwa kawiri patsiku lachiwirilo likhale masana cha m'ma 2 koloko, osati pogona. Usiku muwaikire chitini kapena kandowa pafupi ndi bedi asamayende mumdima kupita kuchimbudzi chapanja, kugwa kwa munthu wachikulire ndi matenda enanso. Koma auzeni mwaulemu kuti kutupa kwaphwa chifukwa cha mapilisiwo, mtima sunasinthe, akasiya madzi ayamba kudzadza mwakachetechete ndipo pomwe azidzazindikira adzakhala ali pa okosijeni. Komabe kutopa kwawoko musakutaye. Pena zimachitikadi kuti mulingo womwe unali woyenera ali otupa umakhala wochuluka madzi akatha, makamaka ndi dzuwa lakuno munthu akutuluka thukuta tsiku lonse. Zizindikiro zake ndi chizungulire akaimirira, kukamwa kouma, kukokana kwa minofu ya miyendo, kufooka, sikelo kutsika kupyola pomwe anatulukira. Zikatero pitani nawo akaunikidwe, adokotala atha kuchepetsa, koma kuchepetsako kuchitikire kuchipatala osati pamkeka. Chimodzimodzi akatsegula m'mimba kapena kusanza, tsiku lomwelo kafunseni chochita ndi mapilisi chifukwa impso zimavulala msanga munthu akauma ali pa mankhwala amenewa.

Mwina anapatsidwanso enalapril kapena captopril. Amenewa ndi omwe amapeputsira mtima katundu ndipo amathandiza munthu kukhala nthawi yaitali, ngakhale wodwala samva kusintha kulikonse akamwa, nchifukwa chake amasiyidwa msanga. Ena amawapatsa kachifuwa kouma kokeketa pakhosi, mukakaona kaneneni, alipo ena olowa mmalo. Milomo kapena lilime zikatupa mwadzidzidzi asamwenso, thamangani nawo. Ngati pali mankhwala ena a mtima otchedwa digoxin muziwerenga kugunda musanawapatse, kukakhala pansi pa 60 dikirani mufunse kaye, ndipo akayamba nseru, kukana chakudya kapena kuona zinthu zachikasu ndiye kuti mwina wachuluka m'thupi. Pa enalapril ndi mapilisi ena okodzetsa otchedwa spironolactone pamafunika kuyezetsa magazi a impso nthawi ndi nthawi, mukapita kukiliniki kumbutsani.

Chomwe ndikupemphani kwambiri ndi cha mankhwala ogula pa okala. Brufen, diclofenac, indocid, amene azibambo amakonda kumwera msana ndi mawondo, kwa wodwala mtima ndi adani, amasungitsa madzi ndi mchere komanso amapweteka impso. Ululu ukabwera Panado ndiye bola. Ndipo mankhwala atsala a sabata imodzi yambani kale kukonza zokatenga ena, mukapeza kuti mtundu wina kulibe funsani adokotala akulembereni dzina ndi mulingo wake bwinobwino kuti mukagule ku famase, kusiyana nkukhala sabata ziwiri opanda.

Nkhani ya mchere ndi yomwe imavuta m'makomo chifukwa imakhudza mphika wa banja lonse. A WHO amati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, kumeneko ndi ngati kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzadza mpaka phiri, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo ndi wobisika. Wobisikayo ndiye wambiri. Nsomba zouma zomwe anaziwaza mchere pokonza, timakyubu tokometsera ndiwo, tipaketi ta m'masoya pisi, tchipisi cha pachiwaya chomwe amachita kuthira mchere ndi dzanja, ngakhale soda wa m'thelere ali m'gulu lomwelo. Inu muli kunyanja, mwayi muli nawo, usipa kapena utaka wauwisi ukapezeka ndi wabwino kuposa wouma wamchere, ndipo woumawo muziuviika kaye m'madzi ofunda nkutaya madzi oyambawo. Kometsani ndi tomato, anyezi, adyo, mandimu, nsinjiro. Mbale ya mchere isafike pomwe akudyera. Ine ndimalangiza kuti muchepetse mumphika wa onse mmalo mowaphikira kambale kawokawo, chifukwa munthu akamadya zosakoma yekha ena akunyambita zala amakhumudwa, mapeto ake amatuma mdzukulu mobisa. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa. Adye pang'onopang'ono kangapo patsiku, nsima yambiri nthawi imodzi imakankha chifuwa nkuwonjezera kubanika. Fodya ndi mowa ngati amagwirako, apa ndiye pothera.

Za madzi akumwa tsatirani zomwe anakuuzani potuluka. Ena amauzidwa kuti asapyole lita imodzi ndi theka kapena awiri patsiku kuphatikiza tiyi, phala ndi thobwa, nde njira yosavuta ndi kudzadza mabotolo a 500 ml mmawa nkumamwa momwemo. Koma ngati sanakuuzeni musawamane madzi mwa nokha, kutentha kwa kuno si kwamasewera. Ndipo ngati abambo ndi Msilamu nkhani ya kusala m'mwezi wa Ramadhan ikambidwe mweziwo usanafike, ndi adokotala komanso a shehe, chifukwa chipembedzo chimapereka chilolezo kwa odwala ndipo kukhala tsiku lonse osamwa kanthu uli pa mapilisi okodzetsa, kapena kuwadumpha kuti usamve ludzu, zonse ziwiri zitha kuwagwetsa.

Tsopano azakhali. Musakangane nawo pagulu, nawonso akufuna mchimwene wawo achire, ndipo kutupa miyendo makolo athu akhala akukumasulira choncho kuyambira kale. Koma mphini pamwendo wotupa ndi zoopsa zenizeni. Khungu limakhala litakokeka, magazi sakuyenda bwino, nde bala laling'ono la lezala limayamba kuchucha madzi osaleka, silipola, majeremusi amalowa mwendo nkufiira kutentha, ndipo chilonda chotere chimatha miyezi chikutsukidwa. Ngati abambo ali pa aspirin kapena warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiye magazi savuta kutuluka osasiya. Zakumwa zazitsamba nazo vuto lake sitidziwa mphamvu yake pa impso zomwe zikuvutika kale. Chomwe ndaona chikuthandiza ndi kuwatenga azakhaliwo tsiku la kiliniki akamve okha, komanso kuwapatsa ntchito, mwachitsanzo iwo ndi amene azidina mwendo mmawa. Munthu akaona ndi chala chake kadzenje kakuchepa chifukwa cha mapilisi mkangano umatha wokha. Mapemphero ndi madua a kumzikiti apitirire, sizilimbana ndi mankhwala.

Miyendoyo muziisambitsa, kupukuta bwino pakati pa zala, kudzoza Vaseline kuti isang'ambike, akakhala pansi aziisanjika pa kampando. Asamangogona tsiku lonse poti ndi odwala, kugona kwambiri kumafoola ndipo kumabweretsa zilonda zam'mbuyo ndi magazi oundana m'miyendo. Aziyenda pang'ono mmawa kapena dzuwa likapepa, poyamba kuzungulira nyumba, kenako kufika kumsewu, muyeso wake ndi woti athe kuyenda akucheza, akayamba kulephera kulankhula apume. Kupalasa bwato, kukoka khoka, kunyamula matumba, izi ziyambe zaima. Apa mudzaona kuti akhala chete kapena kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, bambo amene wakhala akudyetsa banja moyo wake wonse sizimukhalira bwino kumangoyang'ana, nde muziwafunsabe nzeru pa zapakhomo, muwapatse ntchito zokhala pansi ngati kusoka ukonde. Agone mu neti usiku uliwonse, malungo ndi kuchepa kwa magazi zimagwetsa mtima wofooka mwachangu kwambiri, muziona zikhatho ndi mkati mwa zikope ngati zayera, ndipo thupi likatentha akayezetse tsiku lomwelo.

Pali zina zosadikira kuti kuche. Kubanika atangokhala osachita kanthu, kutsokomola thovu loyera kapena lofiirira, kupweteka kapena kulemera pachifuwa kopitirira mphindi 15 makamaka ndi thukuta lozizira kapena kukafika kudzanja ndi nsagwada, kukomoka, kusokonezeka mutu, lilime ndi milomo kuda, mkodzo kuchepa kwambiri tsiku lonse ngakhale amwa mapilisi, kukamwa kupotoka kapena mbali imodzi kufooka. Chimodzi mwa izi nyamukani. Panjira musawagoneke chagada, akhale tsonga atatsamira munthu, miyendo ili pansi, ndipo ngati ndi njinga yamoto wina akhale kumbuyo kuwagwira. Konzeranitu lero nambala ya munthu wa galimoto amene angadzuke usiku ndi kandalama kapadera ka mafuta, chifukwa kuchokera ku Makawa kufika ku Boma ndi kamtunda ndithu ndipo 1 koloko usiku si nthawi yoyamba kugogoda m'makomo kubwereka.

Tsiku la kiliniki tengani buku, kope lija, ndi mapaketi onse a mankhwala ngakhale otha, kuphatikiza aliwonse omwe agula okha. Funsani ngati anajambulidwa sikani ya mtima, ndipo ngati ayi funsani ngati ikufunika, pena pamafunika kutumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre kuti akaonedwe ndi akatswiri. Ndipo poti mukhala muli pomwepo pamzere, tambasulani mkono wanu nanunso akuyezeni BP, muuzenso achimwene ndi achemwali anu onse akayezetse, matendawa amayenda m'banja ndipo BP siyimveka kupweteka.